Chilolezo cha kafukufuku wanga chatuluka patatha miyezi itatu

Dzulo ndalandira kalata ya chilolezo, yodindidwa bwinobwino, ndiye ndati ndilembe zonse ndisanaiwale, kuti zithandize inu amene mudzapemphenso chilolezo chotere. Kafukufuku wanga ndi wokhudza matenda a maganizo pakati pa amayi omwe angobereka kumene, ndipo ndidzikumana nawo kusikelo.

Za kalembedwe ka proposal (chikalata chofotokoza dongosolo la kafukufuku) sindinenapo, okuyang'anirani akuthandizani. Ndiyambe ndi lisiti la kubanki. Mukalipira ndalama ya komiti yoona za malamulo a kafukufuku, lijambuleni pafoni pomwepo, mupangitsenso mafotokope. Ine ndinapereka lenilenilo pamodzi ndi mapepala ena. Patapita milungu itatu ndikupita kukafunsa, akuti fayilo yanga sinalowe pamsonkhano chifukwa mulibe umboni woti ndinalipira. Panalibe ndi mmodzi yemwe wondiimbira foni. Ndinakhala pabenchi la pakhonde kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa kupendeka, kudikira bambo amene amasunga makiyi a kabati, osabwera. Komitiyo imakumana kamodzi pamwezi, choncho mwezi wathunthu unangopita padera chifukwa cha kapepala kamodzi. Mpaka lero ndikakumbukira benchi lija mtima umawawa.

Ndemanga za a komiti zitabwera, imodzi inandikhazika pansi. Ndikugwiritsa ntchito SRQ-20, mafunso 20 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, oyankha kuti inde kapena ayi, ndipo funso la nambala 17 limafunsa ngati munthu wakhala akuganiza zodzipha. Iwo anangoti: mayi akayankha kuti inde, mudzatani? Ndinalibe yankho. Ndinkangoganiza zochonga pafomu n'kuitana wotsatira. M'kalasi tinaphunzira za Stanley Milgram, katswiri wa za maganizo, amene mu 1961 ku yunivesite ya Yale ku America anauza anthu kuti aziwonjezera mphamvu ya magetsi kwa mnzawo wolakwitsa mayankho, ndipo 26 mwa 40 anafika pa mavoti 450. Magetsiwo anali abodza, koma kunjenjemera ndi thukuta la anthuwo zinali zenizeni. Ndinkayesa kuti zimenezo n'zakutali, kumene inenso ndikanatukula chilonda cha mayi n'kumusiya akubwerera kwawo ndi mwana kumbuyo. Ndinakapempha kalata kwa a dokotala oona za maganizo pachipatalapo yovomera kulandira mayi wotere tsiku lomwelo, ine nditamuperekeza. Chitani zimenezi musanatumize mapepala.

Ndaiwala: kalata ya ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma lomwe mukagwiremo ntchito itengeni koyambirira, imachedwa kusainidwa. Nayonso ijambuleni, ngati lisiti lija.

Fomu yovomereza kutenga nawo mbali anaibweza kawiri. Ndinaimasulira m'Chichewa ndekha, koma amafuna munthu wina amene sanaone Chingerezicho aibwezere m'Chingerezi, kuti zioneke ngati tanthauzo silinasochere. Apa anachita bwino. Chinanso, mayi wa pamzere wa sikelo akafunsidwa ndi anamwino ovala yunifolomu, sangakane, amaopa kuti mwana wake sabayidwa katemera. Ndiye fomuyo inene poyera kuti kukana kapena kusiyira panjira sikuchotsa thandizo lililonse, ndipo wopemphayo asakhale amene akumuyeza mwanayo. Amene satha kulemba adinda chala, pakhale mboni yosakhala wa gulu lanu. Amayi osakwana zaka 18 ndinawachotsamo chifukwa pamafunikanso chilolezo cha makolo, koma zimandidandaulitsa, poti ambiri mwa ovutika kwambiri ndi omwewo.

Mayina salembedwa pamafunso, pamangokhala nambala, ndipo mafomu osainidwa amakiyiridwa paokha. Malo ochezera musaasankhe mwachisawawa: pansi pa mtengo pomwe anzake akumva, mayi sangakuuzeni kuti amalira usiku. Andipatsa kachipinda kosungiramo mankhwala ophera udzudzu, ndakasesa kale ndi kuikamo mipando iwiri. Ndiyamba Lolemba, ndipo mafotokope a kalatayi, asanu, ali kale m'chikwama pamodzi ndi a lisiti.