Laputopu ikamachita chidodo, BIOS isakhale poyambira

Ambiri amene amandibweretsera laputopu pano pa boma la Kasungu amafika atauzidwa kale mankhwala ndi anzawo. Wina amuuza kuti angofomata, wina waonera pa YouTube kuti akapanga update ya BIOS makina ayamba kuthamanga. Za kufomata ndilibe nazo vuto lalikulu, bola mafayilo asungidwe kaye kwina. Za BIOS ndi zimene zimandisowetsa mtendere, chifukwa ndaona makina abwinobwino, amene vuto lake linali fumbi chabe, akutha ntchito m'mphindi zochepa.

BIOS ndi kapulogalamu kamene sikakhala pa hard disk limodzi ndi Windows. Kamakhala m'kachipu kakekake pa motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ndipo mukadina batani loyatsira ndi iko kamayamba kudzuka. Kamayang'ana RAM (posungira kwa kanthawi zimene kompyuta ikugwira), kiyibodi ndi skirini, kenako n'kupereka mpata kwa Windows. Pa update, kompyuta imafufuta zimene zili m'kachipuko n'kulembamo zatsopano. Moto ukaduka ntchitoyo ili pakati, makina amasowa chowadzutsa. Fani imangozungulira, kagetsi kamangophethira, skirini ili bii. Pamenepo kufomata sikuthandiza, chifukwa ngakhale flashi makinawo saiona.

Kwa munthu wa batire lamoyo, zimenezi si zoopsa kwenikweni. Koma malaputopu athu ambiri ndi a kaunjika, ma Latitude, ma EliteBook, ma ThinkPad amene anakalambira m'maofesi a kunja, ndipo mukangozula chaja amazima pomwepo. Magetsi athu nawo mukuwadziwa. Opanga makinawa anaikamo chitetezo, mwachitsanzo pa Dell update imakana kuyamba ngati batire silinafike 10 peresenti. Pa intaneti pali njira zolambalala chitetezo chimenechi, ndipo achinyamata athu sachedwa kuzipeza. Kuchita zimenezo kuli ngati kusasula denga mitambo ya mvula itaunjikana kale.

Aphunzitsi ena a cha ku Santhe anabwera ndi laputopu yotere, muli mayeso a ana ndi zolemba za sukulu yawo ya digiri. Mphwawo anakakamiza update usiku, magetsi n'kuthima. Atakhala pa benchi anangondifunsa kuti, "Achimwene, ndiye kuti zatheratu?" Zolembazo tinazipulumutsa pochotsa hard disk n'kuilumikiza ku kompyuta ina, koma makinawo anakafika ku Lilongwe, kwa amisiri amene ali ndi chida cholembera kachipuko mwachindunji. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti atabwerako, chidodo chinali chomwe chija. Vuto silinali BIOS n'komwe.

Ine ndikalandira makina ochedwa ndimayamba ndi Task Manager, pulogalamu ya mu Windows yoonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Performance, musiye kompyuta igwire ntchito yake inu mukuyang'ana. Nthawi zambiri mudzaona Disk itakakamira pa 100 peresenti pamene CPU, ndiye kuti processor, ubongo wa kompyuta, ikungopuma. Ndiye kuti muli hard disk yakale yokhala ndi mbale yozungulira, ya 5400 rpm, imene singakwanitse mtolo wa Windows 10 kapena 11. Mankhwala ake ndi SSD, chosungira mafayilo chopanda mbale yozungulira, chothamanga kuposa hard disk. Ngakhale ya 256 GB imasintha makina moti mwiniwake amadabwa, ndipo hard disk yakaleyo mumaiika m'kabokosi ka USB kuti muzisungiramo zithunzi ndi nyimbo. Ngati ndalama ilipo ya chinthu chimodzi chokha, gulani SSD. RAM ibwere pambuyo, ngakhale kuti 4 GB imachepadi munthu akatsegula Chrome, WhatsApp ndi Word nthawi imodzi. Pomwepo pa Task Manager pali Startup, pamene mungazimitse mapulogalamu amene amadziyatsa okha. Ndipo ma antivirus awiri m'kompyuta imodzi amangolimbana okhaokha. Microsoft Defender imene imabwera ndi Windows ndi yokwana kwa ambiri a ife.

Nkhani ya kutentha ndi imene anthu amaipeputsa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la kuno limalowa paliponse, ndipo makina ochokera cha ku Chinkhoma nyengo ya fodya ndikawatsegula ndimapeza fumbi litaumbika pakati pa fani ndi zitsulo zotulutsira mpweya. Processor ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Ndiye mudzaona laputopu ikuyenda bwino m'mawa, kufika masana a Okutobala yayamba kufriza, fani ikulira osapuma. Amene amaonera mafilimu laputopu ili pa bulangeti amatseka okha mabowo opumira. Kutsegula, kupukuta fani ndi kabulashi, ndi kupaka thermal paste watsopano (phala lothandiza processor kutaya kutentha) ndi ntchito yotchipa, koma imabweza liwiro limene update iliyonse singabweze.

Chaja nayonso. Malaputopu a Dell okhala ndi chaja ya mutu wozungulira ali ndi kasingano pakati pa mutuwo, kamene kamauza makina mphamvu ya chajayo. Kasinganoko kakathyoka, kapena chaja ikakhala yachinyengo ya pamsika, laputopu imasiya kutchaja batire n'kuchepetsa liwiro la processor, mpaka mumaona pa Task Manager yaima pansi pa 1 GHz. Apa BIOS imathandiza, koma poiwerenga chabe, osati poisintha. Dinani F2 makina akamayaka, muyang'ane pamene palembedwa AC Adapter. Ngati akuti Unknown m'malo mwa 65W kapena 90W, bwerekani chaja yeniyeni kwa mnzanu muyese. Pa HP batani lolowera ndi F10, pa ThinkPad ndi F1. Muli momwemo onaninso deti. Likamabwerera m'mbuyo nthawi zonse, kabatire kakang'ono ka pa motherboard katha, ndipo masamba a pa intaneti amayamba kukana kutseguka, munthu n'kumaganiza kuti ndi netiweki kapena bandulo.

Sindikunena kuti update ya BIOS ndi yoipa. Ndimaichita ndithu, pakakhala chifukwa. Wopanga makina amalemba pa tsamba lake zimene update iliyonse ikukonza, ndipo ngati akutchula vuto lanu lenileni, monga batire losatchaja kapena makina osadzuka mukatseka chivundikiro, ndi bwino kuichita. Zina ndi za chitetezo. Ziphaso za Secure Boot (chitetezo choletsa mapulogalamu achinyengo kudzuka makina akamayaka) zimene Microsoft inatulutsa mu 2011 zili ndi malire oyambira mu Juni 2026, ndipo makina ena amafunika BIOS yatsopano kuti alandire zolowa m'malo mwake. Koma chitetezo si liwiro. Mu Januwale 2018 kutadziwika mavuto a chitetezo otchedwa Spectre ndi Meltdown m'ma processor, ma update okonza mavutowo anachedwetsako makina ena, makamaka akale.

Ndikafuna kuchita update ya BIOS, ndimalemba msinfo32 posakira pa Windows kuti ndione BIOS imene ilimo, kenako ndimatenga fayilo pa tsamba la wopanga makinawo pogwiritsa ntchito serial number kapena Service Tag ya pansi pa laputopu. Mayina a makina amafanana kwambiri, ndiye musadalire fayilo ya pa flashi ya mnzanu. Ngati BitLocker, loko wa Windows wotseka mafayilo a pa disk, ndi yoyatsa, iimitseni kaye, apo ayi makina akhoza kukufunsani kiyi ya manambala 48 imene ambiri sadziwa n'komwe kuti anasunga kuti. Moto ndimatenga pa inveta ya batire la sola, osati pakhoma, ndipo batire la laputopu likhale lodzaza. Ikayamba, manja kumbuyo. Skirini imada, fani imalira mwamphamvu, makina amazima n'kuyaka okha kangapo. Apa ndi pamene ambiri amachita mantha n'kukanikiza batani lozimitsira, n'kuononga zonse ndi dzanja lawo lomwe.

Zikavuta musafulumire kutaya mtima. Ma HP ambiri amatha kudzikonza mukagwira batani la Windows ndi B kwinaku mukuyatsa, ndipo ma Dell atsopanoko amachita chimodzimodzi mukagwira Ctrl ndi Esc polowetsa chaja. Si nthawi zonse zimatheka, koma yesani musanakwere minibasi ya ku Lilongwe.

Chiyambireni Microsoft kusiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, anthu akulowa mu BIOS kufuna Windows 11. Kuyatsa TPM 2.0, kachipu ka chitetezo kamene Windows 11 imafuna, nthawi zambiri ndi kusintha setting chabe, sikufuna update. Koma ngati processor ndi ya Intel, Windows 11 imafuna ya 8th generation kapena yoposera pamenepo, ndipo kuikakamiza pa makina a hard disk ndi 4 GB kumangowonjezera chidodo.

Amene mukufuna kugula laputopu ya kaunjika, lowani mu BIOS pomwepo wogulitsa akuona. Makina ena amabwera ndi password ya kampani imene inkawagwiritsa ntchito kunja, ndipo password imeneyo sichoka ndi kufomata. Zulaninso chaja, muone ngati batire likhala kwa kanthawi musanapereke ndalama.