Za ku Pakistan zikundisowetsa mtendere

Abale, dziko la Pakistan likundiopsa. Chilandirireni ufulu mu 1947, palibe nduna yaikulu imene inamalizapo zaka zisanu pampando, asilikali ndiwo amalamula kuseri. Imran Khan, yemwe anali nduna yaikulu, anamuchotsa mu 2022, chaka chotsatira n'kumutsekera.

Kumalire ndi Afghanistan zigawenga za TTP, gulu la Taliban la ku Pakistan, sizikugona. Ndi zomwe zija zinalowa pasukulu ku Peshawar mu 2014 n'kumawombera ana m'makalasi, ali mu yunifolomu. Ana oposa 130 anaphedwa tsiku limodzi!

Ndiye dziko lomweli lili ndi mabomba a nyukiliya, linawayesa ku Chagai mu 1998. Asilikali amati zidazo n'zotetezeka. Ine sindikukhutira nazo, poti mu 2009 zigawenga zinathyola n'kulowa kulikulu lenilenilo la asilikaliwo ku Rawalpindi.