Lachiwiri pa Dedza: bezi imathawira pa kamphira

Kwacha ndi nkhungu, phiri silikuoneka n'komwe. Kukazizira chonchi nthambo za mahediseti otchipa zimauma gwa, ndipo munthu akamazikulunga molimba pafoni timawaya tam'kati timathyoka. Pabenchi panga pokonzera zinthu lero pafika mahediseti asanu, koma owonongekadi anali amodzi okha.

Woyamba kufika anali mnyamata wa kabaza. "Achimwene, andipusitsa. Ndagula dzulo lomweli koma akungolira ngati chitini, bezi mulibe." Timphira tolowa m'khutu tomwe tinali pamahedisetiwo tinali tating'ono, pomwe makutu ake ndi otakasuka. Kasipika ka mahediseti olowa m'khutu nthawi zambiri kamakhala ka mamilimita 10 basi, ndiye sikakankha mpweya wochuluka. Bezi imamveka pokhapokha kamphira katatseka khutu lonse. Pakangotsala kampata, bezi imathawira pomwepo n'kukusiyirani zoliralira zokhazokha.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Nyimbo ikulira, kanikizani ndi chala. Ngati bezi ikubwera mukakanikiza n'kuchoka mukasiya, sipika ilibe mlandu, sinthani kamphira. Povala, kokerani khutu m'mwamba ndi dzanja linalo, lowetsani mopotoza pang'ono, kenako ng'ung'udzani. Mawu anu akamveka m'mutu ngati mwatseka makutu ndi zala, ndiye kuti agwira. Makutu a munthu mmodzi safanana nthawi zonse: mnyamatayu kumanja kwalowa kamphira kakakulu, kumanzere kapakati. Wachoka akugwedeza mutu, atachenjezedwa kuti pa M1 asamatseke makutu onse awiri, chifukwa lole yochokera kumbuyo sangaimve.

Cha m'ma 10 koloko kwabwera aphunzitsi ochokera ku Bembeke. Awo vuto lawo ndi lotembenuka: akavala theka la ola khutu limayamba kuwawa. Kamphira kanali kakakulu komanso kouma ngati paipi. Kabwino kamafewa, ukakafinya kamabwerera msanga. Anafuna kusinthira ku mahediseti apulasitiki aja ongokhazika pakhomo pa khutu. Amenewo sawawa, n'zoona, koma satseka phokoso, ndiye mu minibasi munthu umakweza voliyumu mpaka kumapeto. Apo m'pamene makutu amaonongekera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera pa madesibelo 80 (muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo voliyumu isamadutse 60 peresenti. Mahediseti otseka bwino amamveka mokwanira voliyumu ili pakati. Tawaikira timphira tapakati tofewa.

Achitatu anali omveka mbali imodzi mwapansipansi. Ili ndiye vuto la tsiku ndi tsiku. Mukachotsa kamphira mupeza kasefa kotchinga kukamwa kwa sipika, ndipo kamatsekeka ndi phula la m'khutu losakanikirana ndi fumbi. Zondotsani kasefako kuti kayang'ane pansi, kwecheni pang'onopang'ono ndi mswachi wouma, kenako pukutani ndi thonje lonyowetsa kadontho kamodzi ka sipiriti. Singano ayi: imaboola kasefa n'kukankhira phula m'kati, nthawi zina n'kulasa kapepala kopyapyala kamene kamatulutsa mawu. Timphira tokha n'totsuka ndi madzi a sopo, koma tiume kaye tisanabwezeredwe.

Achinayi anandichedwetsa pang'ono. Nyimbo imamveka ngati ikuchokera m'chitsime, zoimbira zilipo koma woimba kulibe. Zikatero mawaya a pansi, omwe amabweza magetsi kuchokera ku masipika onse awiri, sakugunda bwino. Pulagi ya mamilimita 3.5 yokhala ndi maiki ili ndi mizere itatu, yopanda maiki iwiri, ndipo ikapanda kulowa mpaka kumapeto zigawo zake sizikumana ndi zinzake m'foni. Apa m'bowo la foni munadzaza ulusi wa m'thumba. Foni itazimitsidwa, kamtengo kotokosera mano kanatulutsa kambulunga konse. Nthawi zina chotchinga ndi kava yokhuthala chabe. Palinso china: mafoni akale ena, monga a Nokia, ankalumikiza maiki m'njira ya OMTP, pomwe ambiri a lero amatsata CTIA. Mukasakaniza, mawu amamveka bwino pokhapokha mutakanikiza batani la maiki.

Omaliza ndiwo anafadi. Nthambo ukaigwedeza patsinde pa pulagi mawu amabwera n'kuchoka. Kulumikiza n'kotheka: nthawi zambiri kawaya kofiira n'ka kumanja, kobiriwira kapena kabuluu ka kumanzere, kamtundu wa kopa n'ka pansi, ndipo tonse tili ndi utoto wofunika kuwotcha kaye kuti mtovu ugwire. Koma pa mahediseti otchipa, ntchitoyo ndi pulagi yatsopano zimatsala pang'ono kufanana ndi kugula ena. Pogula sankhani a pulagi yopindika ngati L, saphweteka msanga m'thumba. Kasipuling'i ka m'bolopeni kovekedwa patsindepo kamathandizanso. Ine mahediseti olembedwa "super bass" pakatoni sindiwakhulupirira kwenikweni. Ambiri bezi yake imakwirira mawu, ulaliki kapena nkhani zimamveka ngati munthu akulankhula atafunda bulangeti. Poyesa musamvere nyimbo yokha, mverani ndi munthu akulankhula.

Dzuwa litapendeka kwafika bambo ena a ku Linthipe ndi ka Itel kawo, akufuna opanda nthambo ngati a mwana wawo, oti azimvera mpira pa Zodiak ali kudimba. Mafoni ambiri wailesi ya FM amaigwira kudzera m'nthambo ya mahediseti, ndiyo eriyo yake. A Bluetooth sangagwire ntchito imeneyo, komanso amafuna kutchaja, pomwe kwawo magetsi ndi a sola. "Ndiye mukuti akale omwewa?" Inde bambo, omwewo, bola nthambo muziitambasula, osaipinda m'thumba. Atenga anthambo, ndi timphira tiwiri tapadera tomwe amanga pakona ya mpango.