Lipoti la ulendo wathu wa ku Lusaka: asilikali, makala ndi mitengo

Tinanyamuka ku Lilongwe m'bandakucha, anthu 9 a komiti yathu yoyang'anira zachilengedwe ku Malingunde, mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama. Pa chipata cha Mwami sitinachedwe. Titadutsa Chipata, Katete ndi Petauke, n'kuwoloka mlatho wa Luangwa, macheza m'basi anayamba kuchepa chifukwa cha matumba a makala omwe anandandalikidwa m'mbali mwa msewu mpaka ku Chongwe. Amayi ena a m'gulu lathu anayamba kuwawerenga, koma anasiyira panjira.

Anatilandira ndi anzathu a gulu lobzala mitengo ku Mtendere, ambiri kwawo n'ku Chipata ndi ku Katete, kotero womasulira sanafunike. Makala iwo amati malasha. Anatifotokozera za chilala cha 2024, pomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo ngakhale okhala ndi kuka ya magetsi anatulutsa mbaula. Kusowa kwa mvula kunadya mitengo yomwe ikanathandiza kusunga madzi.

Tsiku lachiwiri anatitengera kum'mawa kwa mzindawu, ku nkhalango yomwe amaitcha Forest 27. Mtsinje wa Chalimbana umadalira malo amenewa, koma mbali ina inachotsedwa pa chitetezo cha boma n'kugawidwa mapuloti. Tinaima pamthunzi wa mombo tikuyang'ana mipanda ya njerwa. Ine mtima unandipweteka, poti ndinakumbukira kuti madzi omwe Lilongwe amamwa amachokera kwathu ku Dzalanyama.

Nkhani ya asilikali inabuka pomwepo. Bambo wina wachikulire, yemwe anagwirapo ntchito ku Zambia National Service, anatiuza kuti nthambi imeneyi ili m'gulu la asilikali a dziko, koma imalima chimanga, imakonza misewu ndi kukumba madamu. "Ana anga," anatero, "makatapila tili nawo, mathanki a madzi tili nawo, anyamata omvera lamulo tili nawo. Chosowa n'chakuti wina alembe m'bajeti kuti chaka chino mafuta akutiakuti ndi othirira mitengo."

Wapampando wathu anayankha kuti ife asilikali tinawaonapo m'nkhalango. Mu 2015 boma linawatumiza kukalondera Dzalanyama. "Bambo, owotcha makala ankathawadi, koma akafika kunyumba ana ankafunabe nsima." Apa ndinagwirizana nawo kwathunthu. Mfuti imathamangitsa munthu lero, koma amene alibe china chogulira feteleza abwerera ndi nkhwangwa usiku.

Mtsikana wina wophunzira pa University of Zambia anabweretsa chitsanzo cha Costa Rica, dziko la ku Central America. Dzikolo linathetsa gulu la nkhondo mu 1948, pansi pa José Figueres Ferrer, ndipo ndalama zambiri zinapita ku sukulu ndi zipatala. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti sanabise kuti nkhalango zinapitirizabe kutha mpaka m'ma 1980, chifukwa chotsegula madambo odyetsera ng'ombe. Zinthu zinatembenuka kwenikweni ndi lamulo la 1996, lomwe linalola boma kulipira mwini munda chifukwa chosiya mitengo ili chilili, ndalama zake zochokera ku msonkho wa mafuta a galimoto. Lero nkhalango zaphimba kuposa theka la dzikolo. Anatiuzanso kuti bungwe la SIPRI la ku Stockholm, lofufuza za mtendere ndi zida za nkhondo, linawerengera kuti mu 2024 mayiko onse anawonongera zankhondo madola 2,718 biliyoni. Ife kwathu timalephera kugula machubu a nazale.

Sikuti onse anavomereza zoti ndalama za asilikali zipite ku ntchito yosamalira mitengo. Achimwene ena a m'gulu lathu anati asilikali athu ndi omwe anavuula anthu m'matope nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, ndipo amakasungitsa mtendere ku Congo, nanga tiwalande zochepa zomwe ali nazo? Sindinawatsutse. Ine sindikupempha kuti gulu la nkhondo lithe. Ndikupempha kuti pa ndalama zogulira zida apatuleko gawo lolembedwa poyera, lopita ku ntchito yomwe ife timailephera ndi makasu: kukumba madamu ang'onoang'ono, kutseka zigwembe, kulambula njira zotchinga moto, kutunga madzi mu Okutobala pomwe mbande zimafa. Ndipo gawo lina lifike m'manja mwa anthu a m'mudzi osamalira zitsa zophukira, makamaka omwe lero akuwotcha makala, poti nkhalangoyo amaidziwa kuposa wina aliyense. Dzinja lililonse timabzala ndi nyimbo ndi zithunzi, koma pofika chilimwe palibe wobwerera ndi ndowa.

Za malo ogona, chakudya ndi ndalama zomwe tinagwiritsa ntchito, msungichuma awerenga pa msonkhano wa Loweruka.

Tinagwirizana kuti tilembe kalata yodzera kwa a Gulupu ndi kwa a DC, yopempha kuti pokonzekera dzinja likudzali asilikali atithandize katapila ndi thanki ya madzi kwa milungu iwiri. Anzathu a ku Mtendere anatipatsa kathumba ka njere za msangu. Tazifesa kale mu nazale ya kuseri kwa tchalitchi, ndipo amene angathe abwere Lachitatu m'mawa ndi khasu.