Sipika ziwiri zopanda dzina

Mwezi watha abusa athu anandibweretsera sipika ziwiri za mainchesi 15 zomwe anagula pakaunjika ku Limbe. Kumbuyo kwa maginito kunalibe dzina kapena nambala iliyonse. "Achimwene, mutipangire mabokosi, tizigwiritsa ntchito ku misonkhano yapanja."

Ambiri mwa ife amisiri timangotengera bokosi la mnzathu, kuyeza ndi tepi, kudula matabwa, kuboola chibowo kutsogolo, basi. Ndawonongapo matabwa motero, ndipo zimandipweteka chifukwa ndalama zake amasonkha ndi amayi a mumpingo. Sipika iliyonse ili ndi khalidwe lake, ndipo khalidwelo limayezeka. Neville Thiele wa ku Australia analongosola masamu ake mu 1961, kenako Richard Small anawapititsa patsogolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. N'chifukwa chake manambala ofotokoza khalidwe la sipika amatchedwa Thiele/Small.

Chida chogula choyezera chilipo, DATS cha Dayton Audio, koma mtengo wake umapitirira madola 100. Changa ndi resistor (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi) imodzi ya 100 ohms, waya wa mahedifoni akutha, tizipanira tiwiri ndi sound card ya USB yokhala ndi line-in (polowetsa mawu) ya stereo. Pulogalamu ndi REW, yaulere pa intaneti. Polowetsa maikolofoni pa laputopu sipathandiza, nthawi zambiri pamamva mbali imodzi yokha.

Mawu amatuluka potulukira mahedifoni, kudutsa mu resistor, kukalowa mu sipika. Mbali imodzi ya line-in imawerenga mphamvu isanadutse resistor, inayo itadutsa. Pakusiyana kwakeko REW imajambula mzere wa impedance (mmene sipika imakanira magetsi pa kamvekedwe kalikonse), ndipo pamene mzerewo wakwera ngati chulu ndiye Fs, pomwe sipika imanjenjemera mosavuta. Musakhulupirire mitundu yopakidwa pa resistor. Yanga nditaiyeza ndi mita inawerenga 98.7, ndipo nambala imeneyo ndi imene ndinalemba mu pulogalamu.

Ulendo woyamba mzere unatuluka wamanomano. Ndinaunika waya yense osapeza vuto, mpaka ndinazindikira kuti sipika imamvanso ngati maikolofoni: chigayo cha kuseri kwathu chinali kulowa m'muyesowo. Ndinadikira usiku, n'kuimangirira ndi chingwe kudenga kuti ilendewere kutali ndi khoma. Mzere unatuluka wosalala.

Gawo limene linandisangalatsa ndi lopezera Vas, nambala yosonyeza kufewa kwa sipika, yomwe imathandiza kudziwa kukula kwa bokosi. Umamata kulemera kodziwika pa chipepala cha sipika n'kuyezanso. Ndinayeza magalamu 40 a Blu Tack (phula lomatira mapepala pakhoma) pa kasikelo ka mnzanga, n'kumata mozungulira kachipewa kapakati, molimba kuti kasagwedere. Fs inatsika kuchoka pa 48 Hz kufika pa 38 Hz. Kutsika kumeneko kumaulula kulemera kwa mbali yoyenda ya sipika, pafupifupi magalamu 67, ndipo ukalemba kukula kwa chipepala, pulogalamu imamaliza zotsala.

Re, kukana magetsi kwa koyilo ya sipika, inali 6.2 ohms, zoyenera sipika ya 8 ohms. Koma Qts, nambala yosonyeza mmene sipika imachedwera kusiya kunjenjemera, inatuluka 0.7. Bokosi la chibowo limakonda Qts ya m'ma 0.4 kutsika. Ndikanaboola monga mwa chizolowezi, besi ikanangogunda pamalo amodzi n'kumiza mawu a mlaliki.

Ndawauza abusa kuti mabokosi awo akhala otseka, okhala ndi thonje mkati. Matabwa ndikadula Loweruka, ndikayeza kaye sipika yachiwiriyo.