Mmene tinayezera kuya kwa nyanja ku Monkey Bay

Kumpoto kwa nyanja ya Malawi kuli malo akuya mamita pafupifupi 700, koma kuno ku Mangochi nkhawa yathu ndi miyala yobisala pansi imene imang'amba maukonde. Kuti tidziwe pamene ili n'kujambula mapu ake, tinatenga echo sounder, makina a sonar (otumiza phokoso pansi pa madzi n'kumvetsera likamabwerera) ofanana ndi amene sitima zikuluzikulu zimayezera pansi pa nyanja zamchere.

Tinayamba ndi kumangirira kachipangizo kotumiza phokoso pamtengo, m'mbali mwa boti, kataloza pansi ndithu. Kakapendekeka pang'ono, makina amanena kuti pamalopo ndi pakuya kuposa mmene palili. Tinakaikanso kutali ndi injini chifukwa thovu limasokoneza phokosolo. Kenako batire ya mavolti 12, GPS yotiuza malo amene boti lili, basi.

Phokoso limayenda m'madzi mamita pafupifupi 1,500 pasekondi. Likagunda pansi n'kubwerera patatha masekondi 0.04, ndiye kuti layenda mamita 60, ndipo theka lake, 30, ndiko kuya kwake. Makina amawerengera okha zimenezi, komabe ine sindinafune kuwakhulupirira tisanawayese. Pamadzi abata tinaponya chingwe chokhala ndi mfundo pamita iliyonse, mwala uli kumapeto, n'kufananiza. Apa ndi pamene tinaonjezera katalikidwe kochokera pamwamba pa madzi kufika pa kachipangizo kaja, poti makina amayambira kuwerenga pamene kali. Musadumphe gawo ili. Mukalidumpha, mapu onse alakwika mofanana ndipo simudzazindikira.

Tinalawirira mwera usanadzuke, poti mafunde akamakweza ndi kutsitsa boti manambala nawo amavina. Tinkayenda pang'onopang'ono m'mizere yowongoka, kupita n'kubwerera, kenako n'kudula mizere ina mopingasa kuti pokumanapo manambala agwirizane.

Kuwerenga galasi la makina kumafuna diso. Thanthwe limaoneka ngati mzere wokhuthala wowala, matope amaoneka ofooka. Nthawi ina pansi panaoneka ngati pakwera mwadzidzidzi, mkulu wina amene wakhala akuwedza pamenepo kuyambira ali mnyamata n'kuti, "Achimwene, apo palibe mwala, ndi nsomba zimenezo." Titadutsanso, zinali zitasuntha.

Pomaliza tinalemba tsiku pamapu. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika, ndipo mu 2024 inakwera mpaka kulowa m'nyumba za m'mbali mwake, choncho mwala umene boti linkadutsa pamwamba pake bwinobwino chaka china ukhoza kugunda boti chaka chotsatira.