Kapepala kanga kayamba kudutsitsa magetsi

Anzanga, polyaniline, pulasitiki wodutsitsa magetsi amene ndinkayesa kupanga, watheka. Kapepala kosefera komwe ndinaviika m'mankhwala kasanduka kobiriwira moderako, ndipo nditagunditsa nsonga za multimeter (makina oyezera magetsi) m'mbali mwake, inawerenga ma kilo-ohm ochepa chabe (manambala akachepa, ndiye kuti magetsi akudutsa mosavuta). Kasanaviikidwe, makinawo sankaona njira ya magetsi ngakhale pang'ono. Nditalumikiza batire la 9V ndi kababu ka LED kudzera m'kapepalako, kababu kanayaka. Kuwala kwake n'kofooka, koma mtima wanga unadumpha.

Kapangidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Mankhwala otchedwa aniline amasungunulidwa mu asidi wa hydrochloric wothiridwa madzi, kenako n'kuthiramo ena otchedwa ammonium persulfate pang'onopang'ono. Zikamasakanikirana zimatentha, chonsecho maunyolo a polima (tizidutswa tolumikizana topanga pulasitikiyu) amatalika bwino pozizira. Apa chisanu cha kuno ku Dedza chandikomera: madzi ogona panja mu Julaye dzanja silipirira, ndiye botolo ndinaliimika m'beseni la madzi amenewo. Poyamba munali mbee, kenaka munachita buluu, mapeto ake bii wobiriwira, mpaka khoma la botolo linamatidwa. Aniline ndi poizoni wolowera ngakhale pakhungu, choncho magolovesi m'manja ndipo ntchito yonse pakhonde.

Pulasitiki wa jumbo kapena wokutira waya sadutsitsa magetsi chifukwa ma elekitironi ake ndi omangika. M'mapolima ngati polyaniline muli mzere woti angayendemo, bola uwatsegulire njira. Hideki Shirakawa, Alan MacDiarmid ndi Alan Heeger anaonetsa zimenezi mu 1977 pofukiza polyacetylene ndi iodine, ndipo mu 2000 analandira mphoto ya Nobel. Kwa polyaniline, wotsegula njirayo ndi asidi. Musaganize kuti angalowe m'malo mwa kopa. Wopangidwa mwanjira yangayi kopa amamuposa kuwirikiza koposa 100,000.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi ammonia, mankhwala a fungo lamphamvu. Ndikayandikiza kapepalako pakamwa pa botolo lake, kubiriwira kumayamba kuchoka chakumapeto, buluu n'kumalowerera mkati, manambala pa multimeter akukwera, kababu n'kuzima. Ammonia walanda asidi uja, njira yatsekeka. Nthunzi ya asidi ikakakhudzanso, kubiriwira kumabwerera ndipo kababu kamayakanso.

Apa m'pomwe ndinaganizira khola langa la nkhuku. Zitosi zikawunjikana zimatulutsa ammonia, amene amawononga maso ndi mapapo a nkhuku, ndipo nyengo ino timatchinga mawindo ndi masaka poopa kuti anapiye angafe ndi chisanu. Mphuno ya munthu wolowamo tsiku ndi tsiku imazolowera fungolo. Kapepala kotsika mtengo kochenjeza mlimi kuti yakwana nthawi yosintha utuchi kangathandize ambiri kuno. Chovuta ndi chinyezi: polyaniline akamwa nkhungu ya m'mawa manambala amatsika, pomwe ammonia amawakweza, ndiye ziwirizi zimakokana.

Ena mwafunsa za mapolima owala. Ofufuza a ku Cambridge, m'gulu la Richard Friend, anawalitsa polima wotchedwa PPV mu 1990, kuwala kwachikasu kobiriwirako. Koma pamafunika galasi lodutsitsa magetsi ndi makina opopa mpweya wonse pomata chitsulo pamwamba, zomwe pakhonde panga palibe.

Pakadali pano ndadula kapepalako pakati. Chidutswa china chikapachikidwa m'khola, chinzake kunja pansi pa denga, ndipo ndiziwerenga zonse m'mawa ndi madzulo kuti ndisiyanitse za chinyezi ndi za zitosi.